Anaba Nyimbo Yanga ya Pamtondo

Nyimbo imene yatchukitsa gulu loyimba la mdzukulu wanga, ija ikulira m'maminibasi ndi m'mabala kuchokera ku Mitundu mpaka m'tauni, ndi yanga. Musati ndikunyadira ayi. Ndikunena izi pamtima pakuwotcha.

Ndinaipeka kalekale, chaka chimene malemu amuna anga anatenga mitala. Anapita ku Nathenje kukagula makasu, akubwerako apeza mbeta. Mtsikanayo anali wotsimphina, poyenda mwendo wakumanzere unkakoka fumbi. Ine ndikanadandaula kwa yani? Ankhoswe anangoti banja n'kupirira. Ndiye ndinachita zimene akazi tonse tinkachita: ndinathira chimanga mumtondo, n'kugwira munsi, n'kuyimba.

Ku Nathenje kulibe tsache,
asesera mwendo pabwalo,
wasesa fumbi, wasesa ndi mwamuna wanga.

Anzanga osinja nawo ankavomera, tinkaseka mpaka misozi. Koma pamtondo pali lamulo lake. Choyimbidwa pamenepo chimathera pomwepo. Munsi ukagona pansi, nyimbo nayo yagona. Mwamuna amve akudutsa, sakufunsa. Ndipo panalibe munthu wamutu wabwino amene akanainyamula kukaitula pakhomo pa mwini wake.

Zaka zinapita, zigayo zinabwera, amuna aja anatisiya tonse awiri. Pamaliro ine ndi mkazi mnzangayo tinagona pamphasa imodzi, anatimeta tsiku limodzi. Nditagonekedwa m'chipatala ku Likuni, ana anga ali kutali, anadzandidikirira ndi iyeyo, kundisambitsa, kundimwetsa phala ndi supuni. Kuchokera pamenepo amanditchula kuti akulu, ine ndimati mng'ono wanga. Amsinkhu wanga anatha. Amene ndingakumbutsane naye zakale anatsala yekhayo.

Tsono chaka chatha magetsi anavuta, chigayo chinaima, ine n'kutulutsa mtondo wanga wakale. Manja atayamba, pakamwa panakumbukira pokha. M'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba munali mdzukulu wanga ndi anzake, anthu andevu zawo, akukanda magitala olira ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Zaka zonsezi nyimbo zawo palibe ankazifuna, kuukwati wina anawazimitsira dala jenereta. Ndinamuona mdzukuluyo akuika foni pakhonde, ine ndimati akuiwotcheretsa dzuwa. Kodi ankanditchera msampha!

Nyimboyo ndinaimva tsiku la msika ku Mitundu, ndikusankha usipa. Kunayamba kugunda kwa munsi, kenaka mawu anga enieni, kenaka chiphokoso chawo chija. Anyamata akabaza anasiya njinga n'kuyamba kuvina, aliyense akukoka mwendo wakumanzere. Wogulitsa usipa anati, "Agogo, si inu awa? Dzulo pawailesi mdzukulu wanu amafotokoza zonse, akuti munkaimbira mkazi mnzanu."

Kunyumba ndinamupeza mdzukulu uja akudya mtedza wanga.

"Iwe, unapempha yani?"

"Agogo, n'chikhalidwe chathu chimenechi. Tikapanda kusunga chitayika."

"Chikhalidwe? Munthuyo ali moyo! Amatunga madzi pamjigo ngati wina aliyense."

"Koma dzina sitinatchule."

"Ku Nathenje otsimphina okwatiwa ndi agogo ako aamuna alipo angati?"

Anaseka, akuti tsiku lina adzanditengera pasiteji kuti anthu andione. Ndinamulanda mbale ya mtedza. Mwana wophunzira mpaka kukoleji, wosadziwa kuti mnyozo wa pamtondo si katundu wa pamsika!

M'mawa mwake ndinamanga nyemba pakansalu, n'kukwera njinga yamoto kudzera msewu wafumbi mpaka ku Nathenje. Pofika ndinamuona mng'ono wanga akuchokera kumjigo, ndowa pamutu, pambuyo pake tiana tikukoka miyendo n'kumayimba. Ndinatola chibuma, tiana tonse balala. Iye sanacheuke n'komwe.

Anatula ndowa, nalowa m'nyumba, n'kutulutsa mpando wa alendo. Ine pampando, pakhomo pamene ndimafikira kukhitchini!

"Muli bwanji, amayi a ku Mitundu?"

"Mng'ono wanga, zimenezi ine sindinatume. Ndi anawa."

"Mawu aja ndi a ana?"

"Ndi anga. Koma inunso mukudziwa, inali ya pamtondo."

Anapukuta madzi pakhosi ndi nsonga ya chitenje.

"Mukuganiza kuti ine ndinalibe yanga? Inalipo, yonena za mano anuwo, inkawaliritsa akazi ndi phwete pano. Munaimvapo?"

"Iyayi."

"Chifukwa ine ndinaisunga. Adzukulu nanenso ndili nawo, mafoni ali nawo."

Ndinafuna kunena za magetsi, za foni ya pakhonde, koma ndinangomupatsa kansalu ka nyemba kaja. Nyemba analandira ndi manja awiri, nathokoza monga amathokozera munthu wa boma. Tinakamba za mvula, za mtengo wa feteleza. Kumsewu waukulu minibasi inaima ikuitanira anthu, nyimbo yomweyo ili pamwamba, tonse tinachita ngati sitikumva.

Dzuwa litapendeka ndinatsanzika. Anati muyende bwino, ali chikhalire pakhonde. Ndinayenda pang'onopang'ono, n'kuima pamtengo wa mango ngati ndikukonza mpango kumutu, kudikira kuti mwina adzuka andiperekeze. Sanadzuke. Kumsewu ndinakafika ndekha.