Mbalame za Luto

Mkazi wanga atamwalira, ndinayamba kumajambula mbalame ndi telefoni kutchire kuseri kwa Fíngoè, pothawa kukhala m'nyumba. Mafoto onse ankatuluka akuda ndi oyera okhaokha.

Tsiku lina apongozi anga aakazi anapempha kuwaona. Telefoniyo ndinaipereka kudzera mwa mlamu wanga, ine nditakhala poteropo. Apongoziwo anayang'ana njiwa, nkhanga, mpheta, kenako anapukuta maso ndi kapulana, chitenje chawo.

"Bambo, mpaka mbalame mwaziveka zakuda za luto polira mwana wanga?"

"Inde, amayi," ndinatero, osaphethira n'komwe.

Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita tsembwe. Ine ndi dipuloma yangayi, ndinanamiza mayi wolira mwana wake. Zoona zake n'zakuti ndinadina pena pake molakwika, mitundu yonse n'kuzimiririka. Amene ankadziwa kubwezeretsa zoterozo m'nyumba mwathu anali malemuyo.