Kaseti Yochekedwa Katatu

Tsiku limenelo pakhonde panga panali anthu awa: mlamu wanga wa ku Embangweni, amene ndi mlongo wake wa malemu mkazi wanga, mng'ono wake wa malemuyo, mkulu wa mpingo wathu, mwana wanga wamwamuna, amene anali atangofika kuchokera ku Joni, ndi mkazi wake, mpongozi wanga. Wachisanu ndi chimodzi ndinali ine. Tinali titabwera kuchokera kumanda kovundukula chiliza cha mkazi wanga, chaka chitatha chimwalirire. Ena onse anali atadya n'kubalalika. Dzuwa linali likadali pamwamba, koma mphepo ya Julaye inkalowa m'mafupa.

Ndiyambe ndanena za makaseti, apo ayi simumva kanthu.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, ng'ombe za adada zinalibe woweta. Chichewa ndinachitola ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo n'komweko ndinagula wailesi yanga yakaseti, yamabatire asanu ndi limodzi. Anzanga ankagula nyimbo. Ine ndinkagula nthabwala, zisudzo zija za anthu awiri kapena atatu okangana mpaka iwe womvera nthiti kuwawa. Ndikagulitsa fodya, kaseti. Ndikatsikira ku Boma, ndisanagule mchere, kaseti. Anakwana sutikesi yodzaza, ndipo kuyambira Edingeni mpaka kuno kunalibe munthu wina anali nawo ochuluka chotero. Zimenezi ndimanena poyera.

Zolemba za pamakaseti zinkandichedwetsa, ndiye ndinkawazindikira monga timachitira ndi ng'ombe. Ng'ombe timaicheka khutu. Ine ndinkacheka kaseti m'mphepete ndi mpeni. Yocheka kamodzi, ya sing'anga woopa jakisoni. Yocheka kawiri, ya mlonda wogona. Ndinkangopapasa ndi chala, mbwenu ndadziwa.

Yochekedwa katatu inali ya jekete. Mnyamata wabwereka jekete kuti akafunsire mbeta, koma mwini jekete sakumukhulupirira, wamutsatira mpaka kwa apongozi, wakhala kumbuyo kwake. Mnyamata akati apereke moni, mwini jekete akukuwa, "Osakweza mkono, ung'amba m'khwapa!" Mkazi wanga ankafa nayo imeneyi. Iye sanali munthu wa mawu ambiri. Pakhomo pano woyankhula ndinali ine, ndipo mawu ndili nawo; ndikaitana ng'ombe kudambo, za eni ake nazonso zimabwera. Koma pa jekete ankaseka mpaka kugwira chipupa.

Lamulungu lina masana, titaweruka kutchalitchi, ndinaimitsa kaseti kuti ndibwezere pa jekete pomwepo. Poyatsanso, chala changa chinakanikiza mabatani awiri, lina lija lofiira lojambulira. Wailesi inati zii. Mkazi wanga anali akusekabe. Ndisanazindikire, kaseti inali itameza kuseka kwake, ndi mawu ake akuti, "Zimitsani imwe, mundipha!" Chisudzo chinadukira pamenepo. Ndinakwiya chomene. Ndinamukalipira iye, kuti akanaseka pang'ono ndikanamva msanga kuti wailesi yasiya kulira. Zaka zonse zotsatira, tikafika pamalo pamenepo ndinkadumphitsa.

Atamwalira ndi pamene ndinapafuna. Chithunzi chake tili nacho chimodzi, cha pachiphaso, nkhope yowuma ngati wakwiya. Mawu ake kunalibe kwina kulikonse. Ana a masiku ano amajambula ngakhale nkhuku pa foni, koma iye foni ankaithawa. Ndinamvera malo aja katatu kokha chaka chonse, ndekha, nditatseka chitseko, poopa kuti tepi ingathe.

Mwana wanga anandiuza kawiri. Koyamba pa foni, kachiwiri atafika. Anati ku Boma kuli anyamata a m'mashopu amene amachotsa mawu pakaseti n'kuwaika pa kakhadi ka m'foni, iye apita nayo m'mawa, madzulo abwera nayo. Ndinakana. Ndinati nkhunzi sibwerekedwa, ndipo makaseti anga sakwera minibasi. Anangoti, "Yewo, adada."

Tibwerere pakhonde paja. Mlamu wanga ndi ine sitinagwirizanepo chiyambire tsiku la lobola. Anapukuta m'manja n'kunena moyang'ana kumbali, kuti mlongo wake anali munthu wosangalala ali kwawo, koma kuno anangofota, sanamumvenso akuseka.

"Alamu, mwati chiyani?"

"Ndanena zimene ndinaona, alamu."

"Sankaseka? Pakhomo panga? Dikirani pomwepo, musasunthe!"

Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa wailesi ndi sutikesi yonse, kuti aone. Ndinapapasa, ndinaipeza yocheka katatu. Tepi inali itaima pamalo aja a kuseka kwake, poti ndinkaibwezera ndi bolopeni nthawi zonse ndikamvera. Mng'ono wake wa malemu anagwira pakamwa, misozi ili kale m'maso. Mkulu wa mpingo anavula chipewa.

Mwana wanga anagwada pambali panga. "Adada, ndiyatse ine."

Ndinamukankha dzanja. "Wailesi iyi ndinagula iwe usanabadwe."

Maso anga ali ndi ng'ala tsopano, ndipo utoto wofiira pa batani lija unafufutika kalekale. Ndinakanikiza mwamphamvu, ndikuyang'ana mlamu wanga, osati wailesi. Tepi inayamba kuzungulira. Sikunamveke kanthu.

Munthu wanzeru akanakhala chete n'kudabwa. Ine ndinati mabatire ndi ozizira, iyamba pompano. Ndipo poti sindimatha kusiya malo opanda mawu, ndinayamba kuyankhula. Ndinawafotokozera za jekete, ndikuchita mawu a onse awiri. Ndinawauza ng'ombe zimene ndinapereka ku Embangweni, imodziimodzi, ndi maanga ake. Ndinati mkazi wanga sanagonepo ndi njala, sanayendepo wopanda nsapato, ndipo amene akuti anafota abwere amve yekha. Ndinakuwa mpaka agalu a kwa aneba anayamba kuuwa.

Anali mpongozi wanga amene anayankhula, motsitsa, ali chogwada, poti mpongozi sadula mawu apongozi ake. "Adada, pepani. Kanyali ako kofiira kakuyaka."

Mwana wanga analumpha n'kuzimitsa.

Ndinatulutsa kaseti, ndinalowetsa bolopeni, ndinabweza. Ulendo uno ndinamusiya mwana wanga kuti ayatse. Mnyamata wa jekete anapereka moni, mwini jekete anakuwa za m'khwapa, kenako panamveka kuti khwa. Ndiye panatuluka ine. Mabatire ndi ozizira. Ng'ombe yoyera, ng'ombe ya mawanga. Sanagonepo ndi njala. Ndinali ndisanamvepo mawu anga ali kunja kwa mutu wanga. Ndi aakulu zedi, ngati chigayo. Anapitirira malo onse a mkazi wanga n'kudyanso chisudzo chotsatira.

Mng'ono wake wa malemu analira mokweza, kuposa mmene analirira kumanda. Mkulu wa mpingo anati tipemphere, koma palibe anatsinzina. Mlamu wanga anaimirira, anasasa fumbi pa thalauza. Ndinkayembekeza kuti andinyoze, ndipo ndinali nditakonzeka kumuyankha. Koma iye anangondigwira paphewa, chinthu chimene sanachitepo zaka zonsezi, n'kutsika kupita kumsewu kukadikira galimoto.

Ine ndinapita kukhola. Ng'ombe zinali zisanabwere, munali ndowe zokha, koma ndinaima momwemo nditagwira mtengo wa pachipata. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Kunyumba ndinkamva wailesi ikuti khwa, kenako zii, khwa, kenako zii. Mwana wanga ankabweza malo amodzimodzi.

Sutikesi ija ilipo mpaka lero, pansi pa bedi. Sing'anga woopa jakisoni alimo, mlonda wogona alimo. Sindinawatsegulenso.

Tsiku lija, dzuwa litapendeka, mwana wanga anabwera kukhola, wailesi ili m'khwapa. Anaiika pa chitsa. Sanandiyang'ane kumaso.

"Adada, simunafufute zonse. Musanayambe kuyankhula patsala kanthu kakang'ono. Si kuseka ayi, ndi mpweya umene amama anakoka kuti aseke. Ndi kakafupi chomene. Ndiyatsa kamodzi. Ngati mukufuna kuwamva, mukhale chete."