Wosunga Buledi

Ku Bradford, kudziko la Angerezi, tinkakhala awiri, ine ndi mwana wanga wamkazi, m'nyumba zija zogundana makoma. Khoma la kuchipinda kwake linkachita chuku chakuda. Ndikapukuta Loweruka, pofika Lachitatu chameranso. Mwanayo ankatsokomola mpaka misozi, ndipo kuchipatala anandiuza mosapsatira kuti chifuwacho chikuchokera m'nyumba.

Mwini nyumba, a landilodi, ankabwera kamodzi pamwezi kudzayendera katundu wawo. Ine ndinaleredwa kuti munthu wamkulu sumulandira chiimire. Ndiye ndinkapinda bondo, kuwapatsa tiyi ndi manja awiri, ndi buledi wopaka majarini mosaumira. Bambowo ankadya bwino, ndisaname. Akamaliza ankakasuzumira khoma lija, n'kunena kuti tizitsekula mawindo. Mu Disembala, ku Bradford, kuzizira konse kuja! Ine n'kuyankha kuti zikomo bwana.

Sikuti ndinali wopusa. Ndinkaopa. Amayi ena akutchalitchi, amene anafika kuno kale, anandikokera pambali: "Asisi, musapange complain, akupatsani notice. Nyumba n'zovuta kuno. Walira mvula walira matope."

Tsiku lina tikuchokera kutchalitchi, m'basi, mwana uja anandifunsa m'Chingerezi chake, poti Chichewa amamva koma kuyankha ayi. Amafuna kudziwa chifukwa chimene ndimagwadira a landilodi. Kodi n'chifukwa cha lord ali kumapeto kwa mawu oti landilodiyo, yemwe timamuimbira nyimbo kuti Ambuye? Ndinamuuza kuti asiye mwano. Iye osasiya. Anati kusukulu anaphunzira kuti mawu akuti lord, amene Angerezi amatchulira anthu awo apamwamba, kalekale anali mawu awiri, buledi ndi mlonda. Lord anali wosunga buledi, munthu amene onse a pansi pa denga lake ankadya kwa iye. Lady naye anali wokanda ufa wa bulediyo.

Ndinaseka mpaka anthu m'basimo kucheuka. Ulemu wonse uja, zipewa ndi nyumba zamiyala, kuyambira pa buledi basi! Koma tisanatsike, kuseka kunandithera. Ndinapsa mtima. Ndinkadzuka m'mamawa kukasambitsa okalamba a eni ake, msana kuwawa, kuti ndigule buledi ameneyo. Wosunga ndani pamenepa? Wodyetsa mnzake ndani?

Mwezi wotsatira a landilodi anabwera monga mwa masiku onse. Anakhala pampando wawo uja, n'kutambasula dzanja kulunjika mbale imene inali patebulo. Ndinaikoka mbaleyo. Bondo langa linkafuna kupinda lokha, poti chizolowezi sichimva, koma ndinaliumitsa.

"Buledi ameneyu ndi wa mwana," ndinatero. "Akudwala chifukwa cha khoma lanu. Mulikonze. Kukhonsolo ndapitako kale."

Anandiyang'ana ngati mpando walankhula. Anati ankandiyesa mayi waulemu. Ndinati ulemu ndili nawo, ndangosiya kuumwaza. Mbale ija ndinaigwira zolimba.

Amayi akutchalitchi aja sananame. Matope anabweradi. Khoma analipaka penti pamwamba pa chuku, ndipo pangano la nyumba litatha anatiuza kuti tisamuke. Tinapeza kanyumba kakang'ono kutali ndi sukulu, mabasi awiri kupita, awiri kubwera. Ndinalira posamuka, ndipo amene amati ndinachita kufuna ndekha sindinawatsutse. Ndinafunadi.

Koma makoma a kumeneko anali ouma. M'mawa wina ndikudula buledi, ndinaima ndi mpeni m'manja, ndikudabwa kuti m'nyumba mwasowa chiyani. Munasowa chifuwa. Mwana uja anatulukira atavala yunifolomu, n'kupinda bondo monyogodola, manja awiri kutsogolo.

"Zikomo, a lord," anatero, m'Chichewa chake chopindika.

Ndinamupatsa chibenthu chachikulu.