Pamene Elisoni Anasiya Kumva Mawu

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mkulu wa mpingo wathu ku Mufakose, komboni ina ya mu Salisbury, nkhondo yomenyera ufulu itafika poti mabasi ankaimitsidwa panjira anthu n'kumaonetsa zitupa. Chipatala china mu Salisbury chinkafuna munthu wodziwa Chinyanja, Chishona ndi Chingerezi pang'ono woti azithandiza ku wodi ya odwala misala.

Anandilandira ndi Sisita Marufu, namwino wamkulu wa wodiyo, mayi wachishona wosaseka wamba. Anandipatsa yunifolomu ya khaki ndi makiyi omangirira m'chiuno. M'mawa ndinkameta odwala ndevu, lezala n'kuibweza m'kabati ndi kukhoma. Akatha kudya ndinkawerenga masupuni. Pomwetsa mapiritsi ndinkayang'ana kunsi kwa lilime kuopa kuti wina wabisa. Dokotala wachizungu akabwera, ndinkamasulira.

Tsiku lina abale a Elisoni Banda anabwera naye m'wodimo atamangidwa manja. Anali kalaliki pafakitale ina ku Workington, makolo ake ochokera ku Katete, ndipo anali atangokwatira kumene. Ankanena kuti asilikali akumumvetsera kudzera m'wailesi. Abale ake anachedwa kuzindikira kuti ndi matenda, poti masiku amenewo ambirife tinkaopa zomwezo.

Patatha milungu ingapo mankhwala anagwira. Mawu amene ankamva m'mutu mwake anatha, anayamba kusamba yekha ndi kundithandiza kuyala mabedi. Tsiku lina tikupinda mabulangete anandifunsa motsitsa mawu: "Achimwene, kodi ndi zoona kuti ndinavula pamaso pa apongozi anga?" Ndinamuuza kuti zapita zimenezo. Anafunsanso ngati matendawa amabwerera, ndipo ndinati sindikudziwa. Dokotala atafunsa za iye ndinangoti wachira, wadekha. Ndinkaona ngati ndikumuthandiza kuti atuluke msanga.

Lamlungu lotsatira, pa nthawi yoona odwala, mkazi wake sanabwere. Anabwera mkulu wake wa Elisoni, amene anamuuza kuti kuntchito alembako wina, ndipo mkaziyo ali kwa makolo ake. Elisoni sanalire. Alendo atapita anavula juzi yake n'kupatsa mdala wa pabedi loyandikana naye, kenaka anandithokoza chifukwa chomusunga bwino. Anapempha kuti akaothere dzuwa kuseri kwa chipinda chochapira. Ndinamutsegulira chitseko ndekha, poti anali wodwala wosavutitsa kuposa onse.

Pa tiyi wa madzulo kapu yake inatsala pathireyi. Tinamupeza kuseri komweko atadzipha.

Ndinkayembekezera kuchotsedwa ntchito. Sisita Marufu anandiitanira mu ofesi n'kundifunsa zonse zimene Elisoni anandiuza. Ndinamufotokozera zonse. "Amene akukuwa tonse timamumva," anatero. "Uziopa amene wayamba kumvetsa zimene zamuchitikira."

Kumaliro ku komboni ya Highfield ndinaima kumbuyo. Mayi ake anandigwira dzanja n'kundithokoza, poti mwana wawo ankandiyamikira kawirikawiri iwo akabwera kudzamuona.

Ndinagwira ntchito m'wodi imeneyo mpaka tsitsi linachita imvi. Wodwala akayamba kufunsa za zimene anachita akudwala, ndinkasiya chilichonse chimene chinali m'manja, kukhala naye pabenchi, n'kumufunsa mosabisa ngati waganizapo zodzipha. Ambiri ankayankha kuti inde, ndipo ena ankalira chifukwa chopeza wowafunsa. Ndikatero ndinkapita naye kwa Sisita, mawu ake n'kuwanena monga anawanenera mwini wake.