Kope la Mpingo Linali M'manja Mwanga

Amuna anga anali mlaliki, ndipo kulalikira ankakudziwa. Akaima kutsogolo, ngakhale wongoperekeza mnzake ankatchera khutu. Koma akatuluka m'tchalitchi ankaiwala zonse. Ankatha kulonjeza kukatsogolera maliro kwa Maganga ndi kukaphunzitsa kalasi ku Chipoka m'mawa womwewo, njinga ili imodzi.

Tinafika kunyanjako asilikali akubwerera kuchokera ku nkhondo. Akhristu anali ochepa, omwazikana m'midzi ya Asilamu, ndipo timatchalitchi taudzu tinali tinayi. Abusa ankachokera kumtunda kamodzi pa miyezi itatu kudzabatiza, kudalitsa maukwati ndi kudyetsa Mgonero. Zina zonse zinali pamutu pa amuna anga.

Tsiku lina kunabwera mayi akulira. Amuna ake anali atamwalira osapemphereredwa, alaliki atalonjeza kawiri konse kuti abwera. Manyazi anandigwira ine. Popeza kulemba ndinaphunzira kwathu, ndinakagula kope kwa mmwenye ku Chipoka. Kuyambira pamenepo aliyense wofika pakhomo ndinkayamba ndamufunsa mudzi wake, vuto lake, ndi ngati mtsinje ukuwolokeka. Ndinkalemba odwala, ofuna ukwati, ndi amene akubwera ku kalasi yokonzekera ubatizo. M'mawa amuna anga akupopa njinga, ndinkawauza kopita ndi koyambira. Ndinkachita zimenezi ndili ndi mwana kumsana, mpunga ukudyedwa ndi mbalame kudimba.

Zaka zisanu zinapita choncho. Abusa akabwera ankapeza anthu atasonkhana kale, maina ali m'ndondomeko. Ankagwira amuna anga dzanja n'kunena kuti, "Mpingo wanu ndi wadongosolo." Ine ndinkamva ndili chogwada, ndikuwathirira madzi osamba m'manja.

Zinaipa chifukwa cha mphwake wa mkulu wina wa mpingo. Munthuyo anali msodzi, ndipo nyengo yonse ya usodzi anali ku chilumba cha Mbenji. Ku kalasi anafikako katatu kokha, koma malume akewo ankafuna abatizidwe pamodzi ndi anzake. Ndinawaonetsa amuna anga kope, iwo n'kuvomereza kuti msodziyo adikire. Koma mkuluyo atawapanikiza, anayankha kuti, "Amayi kunyumba ndi amene akukana."

Lamulungu lotsatira akulu a mpingo anandiitana pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa tchalitchi.

"Amayi, tiuzeni," anatero mkulu uja. "Mlaliki pano ndi inu kapena abambowa?"

"Ndi abambowa," ndinayankha. "Ine ndimangowakumbutsa."

"Nanga zinsinsi za mpingo zikutani m'manja mwa munthu wamkazi?"

Ndinayang'ana amuna anga. Anali atawerama, akutokosa pansi ndi kamtengo. Ndinadikira kuti anene ngakhale mawu amodzi, koma sanadzutse mutu. Ndinapita kunyumba, ndinatenga kope lija n'kukalipereka ndi manja awiri. Analandira ndi mkulu yemweyo.

Msodzi uja anabatizidwa. Kenaka zinthu zinayamba kusokonekera. Odwala ankadikira osaona munthu. Ulendo wina abusa anafika ku Chipoka n'kupeza tchalitchi chotseka, uthenga sunapite. Ine ndinkaziona zonse, masiku ndinkawadziwa pamtima, koma ndinatseka pakamwa. Sindibisa, ndinkafuna aone.

Chimene sindinachiganizire ndi ukwati wa mtsikana wina wa kwa Maganga, mwana wamasiye amene ndinkamuphunzitsa kusoka. Lamulo linali loti ukwati ulengezedwe m'tchalitchi masabata atatu. Unalengezedwa kamodzi, kenaka unaiwalika. Ndinazindikira Lamulungu lachiwiri, koma ndinangokhala. Tsiku litafika, achibale atapha mbuzi ndi kuphika thobwa, abusa anakana kudalitsa. Mtsikanayo anaima pakhomo pa tchalitchi ndi diresi yoyera imene tinasoka tonse, akulira. Akuchimuna anakwiya n'kubwerera kwawo, ndipo ukwatiwo unathera pomwepo.

Pa msonkhano wa akulu palibe anafunsa kuti kope linali ndi yani. Mlandu unagwera amuna anga. Anawatsitsa paulaliki, ndipo anatipatsa mwezi umodzi kuti tituluke m'nyumba ya mpingo.

Tinanyamuka wapansi kupita kwathu, katundu ali pa njinga. Titawoloka njanji, amuna anga anaima n'kupukuta thukuta.

"Mukanandikumbutsa, mayi," anatero.

"Pansi pa mango paja mukanandiyankhulira," ndinayankha.

Sitinakambenso nkhaniyo mpaka imfa yawo. Tinalima chinangwa, ana anakula. Mkulu uja anakhalabe pa udindo mpaka kukalamba, ndipo ndinamva kuti pa maliro ake panafika abusa atatu.

Mtsikana uja ndinakumana naye kamodzi pa msika, patapita zaka. Ankagulitsa usipa wouma. Anandilonjera mwaulemu, n'kundionjezera nsomba zapamwamba. Sankadziwa kuti ndinali kudziwa zoti kulengeza ukwati wake kwaiwalika, ndipo ine sindinamuuze.