Tsiku Limene Ndinacheka Pulasitiki ya Alamu

Anthu ena kuno ku Sadzi amaifotokoza nkhaniyi mokhotetsa, ena mpaka amaonjezera kuti ndinachita kulota, koma ine ndinali m'galimotomo, ndipo dzino langa lakutsogolo lobenthukali ndiyo mboni yanga, choncho zimene ndikuuzenizi ndi zoona zokhazokha. Sinditchula munthu dzina chifukwa onsewo ali moyo ndipo timadyera mbale imodzi. Ine si munthu wolankhula pagulu, ngakhale m'kalasi aphunzitsi akandiloza mawu amandithawa, zambiri ndimangolemba m'kabuku kanga. Koma iyi yokha ndatopa kuisunga.

Nthawi imeneyo ndinali Fomu 1, ndikukhala kwa achemwali anga, amene anali ndi mwana wamkazi wongoyamba kumene kukhala pansi. Amuna awo, alamu anga, anali atangogula galimoto yawo yoyamba, ndipo ndisaname, inali yokongola, mipando yake yotuwa bwino ngati phulusa. Itangofika anapita nayo kwa osoka mipando m'tauni, nkukaikuta mipando yonse ndi pulasitiki yokhuthala yoonekera mkati, ija imamata ntchafu kukatentha. Malamulo anabwera nayo limodzi: ugogode nsapato usanakwere, chimanga chootcha ayi, zitumbuwa ayi, ndipo wodzola mafuta ambiri asatsamire. Loweruka lililonse ankaipukuta ndi kansalu kakekake, kamene ngakhale achemwali sankayerekeza kukakhudza.

Mayi wina wa kutchalitchi, amene mwana wake anali atakula, anawapatsa achemwali mpando wa mwana wa m'galimoto, ndipo ndinalipo pamene ankawaonetsa kamangidwe kake. Kumbuyo kwa mpandowo kuli timikono tiwiri tachitsulo, timene timakakola tizitsulo tina tobisika mumpata wa pakati pa pokhalira ndi potsamira pa mpando wakumbuyo. Ukakankha bwino umamva kuti kwa, ndipo ngakhale uugwedeze bwanji susuntha. Mayiwo anabwerezabwereza kuti usanamve kulira kumeneko, mwana usamuikemo.

Vuto linali lakuti tizitsulo tija tinali pansi pa pulasitiki ya alamu, pamodzi ndi pokolekera malamba a anthu okhala kumbuyo. Achemwali atawauza, alamu anaseka, nkufunsa kuti iwo amene anakulira m'matola a ku Songani ali pamiyendo pa mayi awo, kodi anafa? Anati zitsulo zimenezo zingaboole pulasitiki ndi kusiya zipsera pansalu, galimoto yatsopano nkumaoneka ngati minibasi. Mpandowo ungosanjikidwa pamwamba, pansi pake pakhale thaulo chifukwa mwana amasanza mkaka, ndipo wouchirikiza ndi manja alipo kale, Namanyazi. Limeneli ndilo dzina limene ankanditcha, poti ndikamawayankha ndinkayang'ana pansi.

Lamlungu lina titachoka kutchalitchi anatitengera kuphiri kukajambulitsa zithunzi kudamu, ngakhale kunena zoona wojambulidwa weniweni anali galimotoyo. Amene munakwerako msewu wa kuphiri mukuudziwa, wopapatiza, wokhotakhota, mbali ina thanthwe mbali ina phompho, tauni yonse ikuoneka pansi ngati timabokosi ta machesi. Pakona iliyonse mpando uja unkatsetsereka pa pulasitiki, thaulo ndi mwana yemwe, ulendo wa kuchitseko, ine nkuukoka, kona ina ukubwera kudzandipana. Mwanayo ankaseka poganiza kuti ndi masewera. Ine manja anali noninoni ndi thukuta, ndikudzifunsa kuti ngati ukundipulumuka tikukwera pang'onopang'ono chonchi, nanga potsika zikhala bwanji?

Titafika pamwamba mwana anali atagona, ndiye anandisiya naye m'galimoto iwo nkupita kukagula sitiroberi kwa anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu. M'kachikwama kanga munali kabuku kaja, pensulo, ndi lezala yosongolera pensuloyo. Ndinamunyamula mwanayo bwinobwino nkumugoneka pachitenje pampando wakutsogolo, ndinapapasa mumpata muja mpaka zala zinamva tizitsulo, kenako ndinacheka pulasitiki ija malo awiri, timing'alu tating'ono tongokwana chala. Ndinkangocheukacheuka ngati ndikuba nkhuku. Ndinakankha mpando uja ndi bondo mpaka ndinamva kuti kwa, ndinaugwedeza, gwa. Thaulo ndinali nditalichotsa kale chifukwa linkatutumula mpandowo, m'malo mwake ndinayala chitenje chopyapyala, kuti ngati ndi mkaka ukagwere pamenepo. Ndinamubwezeramo mwana, nkumumanga timalamba take.

Alamu anaona asanatsegule nkomwe chitseko. Maso a munthu wokonda galimoto saphonya kanthu. Anafunsa kuti ndani wachita zimenezi, ngati munali anthu ambiri, kenako anayamba kundiwerengera zonse, kuti ndimadya kwawo, ndimagona kwawo, lero ndafika pong'amba katundu wawo. Anati ndimasule mpandowo pompo zitsulo zisanadye nsalu, uikidwe kubuti, mwana ndimunyamule pamiyendo ngati mmene anthu onse amachitira. Anyamata a sitiroberi aja anali atasiya malonda nkumationerera.

Mpaka lero sindidziwa kumene mawu anachokera. Ndinawayang'ana kumaso, koyamba chikhalire pakhomo pawo, nkuwauza kuti galimoto ndi yawo koma mwanayu ine ndine mayi ake aang'ono, si wantchito womulera, ndipo kwathu mayi wamng'ono ndi mayi basi. Ndinati akaumasula mpandowo, ine ndimubereka mwana kumbuyo nkutsika naye phiri lonse wapansi mpaka ku Sadzi, anthu akandifunsa panjira ndiwauza chifukwa chake. Chitenje chomuberekera ndinali nditachigwira kale m'manja. Alamu anatembenukira kwa achemwali nkufunsa ngati akumva mwano wa m'bale wawo. Achemwali anayang'ana kumwamba, nkungonena kuti nkhungu ikubwera, tiyeni tizipita, nkhaniyi tikaimalizira kunyumba. Chifukwa cha mkwiyo alamu anaiwala ngakhale lamulo lawo lomwe, kadengu ka sitiroberi anangondiponyera pamiyendo.

Nkhungu ya kuphiri siichenjeza. Tisanapite patali mitengo ya paini inazimiririka, kutsogolo kuli mbuu, koma alamu sanachepetse liwiro mokwanira chifukwa maso awo anali pakagalasi, akundiyang'ana ine, akunena kuti mawa ndilongedze ndibwerere kumudzi. Mukuwadziwa abambo aja amatsika phiri ndi njinga zosanjikiza nkhuni kupitirira mutu wawo? Mmodzi anali atagwa pakona, nkhuni zili mbwee msewu wonse. Achemwali anakuwa. Alamu anaponda mabuleki, matayala anakwera pazikuni zija, galimoto inazungulira, ndipo pazenera langa ndinaona phompho likubwera, mtambo wokhawokha wopanda pansi, kenako chiwongolero chinawabwezera mbali ya thanthwe ndipo tinawomba, phuu!

Ine lamba ndinalibe, si paja pokolekera pake panali pansi pa pulasitiki? Ndinatsetsereka ngati sopo, nkhope yanga nkukamenya chitsulo cha mpando wakutsogolo, ndipo ndinapezeka ndili pansi pakati pa mipando, m'kamwa muli mchere ndi kachidutswa kolimba. Koma chimene chinandiopsa si chimenecho ayi. M'galimoto monse munali zii. Mwana sankalira. Ndinadzuka mokwawa, ndipo ndinamuona ali mumpando wake, diresi lake loyera lili psuu, kumaso kofiira, pachifuwa pofiira, maso ali tong'o osaphethira. Achemwali atacheuka anatulutsa kulira kumene sindikufuna kudzakumvanso. Ndinamugwira patsaya, chala changa chinabwera ndi timbewu tating'onoting'ono, ndinanunkhiza, inali sitiroberi. Pamenepo mwanayo anakoka mpweya nkulira mokweza, ndipo sindinamvepo nyimbo yokoma kuposa kulira kumeneko. Mpando wake sunasunthe ngakhale pang'ono.

Bambo wa njinga uja, amene anali atathawira mungalande, ndiye anatitsegulira chitseko, ndipo amayi ena otsika ndi nkhuni pamutu anatula mitolo yawo nkundipukuta magazi. Kuchipatala anamuyeza mwana paliponse, sanamupeze ndi bala. Ine anandisoka mlomo. Alamu anatupa pachifuwa chifukwa cha lamba, galimoto kutsogolo inaphwanyika ngati chitini chopondedwa, koma mipando, abale, inali yoyera bwinobwino pansi pa pulasitiki yake, yopanda kadontho.

Mukuganiza kuti anapepesa? Mpaka lero ndili Fomu 4 sanatero. Alendo akabwera amati anatipulumutsa ndi Mulungu ndiponso kulimba kwa galimoto, ndipo za Mulunguzo sinditsutsa, koma Mulungu yemweyo ndi amene anandipatsa lezala. Achibale ena amanenabe kuti ndinachita mwano kuyankha mwini nyumba pamaso pa anthu, akuti ndikanadikira kukanena kunyumba. Kunyumba kwake kuti, poti ngoziyo inatipeza tisanafike? Ndikanamunyamula pamiyendo, mwana uja akanapita kumene linapita dzino langa. Kumudzi sindinabwezedwe, ndipo galimoto itachoka kugalaja pulasitiki inali itachotsedwa, alamu akuti inkatenthetsa.

Tsopano mwanayo amayenda, amalankhula, ndipo amadyera mabisiketi m'galimoto momwemo. Loweruka ndimamasula mpando wake, ndimakutumula nyenyeswa, ndimachapa chitenje cha pansi pake, pamene padontha kanthu ndimapukuta ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, kenako ndimaubwezera mpaka ndimve kuti kwa. Pansalu pali timaenje tiwiri pamene mpandowo umaponda, ndipo ndimaona alamu akutisisita ndi chala mwachisoni. Atisisite.

Chimene ndimakhulupirira tsopano nchakuti manyazi ndi abwino popereka moni, koma osati pamene mwana akutsetsereka kupita kuchitseko. Inu amene mwagula galimoto, ikondeni, ipukuteni, yalani chitenje, koma musakwirire malamba ndi tizitsulo tija pansi pa zokutira, ndipo musadalire manja a munthu, chifukwa anga anali okonda mwanayo kwambiri koma sanathe kugwira ngakhale kadengu ka sitiroberi. Ndipo ngati tsiku lina mudzandikweza m'galimoto yanu mwana atangosanjikidwa pa pulasitiki, dziwiranitu kuti lezala ija ndimayenda nayobe.