Nkhope ya bambo pa nsalu

Mafilimu owomberana mfuti amene mdzukulu wanga amakonda sandiopsa, poti ndimadziwa kuti akufawo adzuka. Oseketsa ndi amene ndimawathawa, chifukwa anthu akamaseka mumdima mtima wanga sukhala m'malo. Dzulo magetsi atazima tinayatsa nyali, ndipo fungo la palafini linandibwezera kwathu ku Msumba, m'mphepete mwa nyanja, masiku amene Kampani ya azungu inkalamulira kumeneko.

Ndinali kamtsikana. Masana ena mphunzitsi wa pamishoni anatchinga mazenera a sukulu ndi mphasa, n'kuyatsa nyali yoonetsa zithunzi pa nsalu yoyera. Poyamba panaoneka munthu wonenepa akuthawa mbuzi, tonse tinaseka mpaka misozi. Kenako panabwera asodzi ataima pambali pa bwato. Wapakati anali bambo anga, amene anamira ndi mwera chaka chathacho, mtembo wawo osapezeka.

Kamphepo kanalowa pansi pa mphasa, nsalu n'kuyamba kugwedezeka, ndipo chifuwa cha bambo chinkakwera ndi kutsika.

Amayi anga, amene anabwera nawo kudzaonera, anaimirira pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, musawachotse kaye," anatero motsitsa mawu. "Akufuna kunena kanthu."

Mphunzitsi uja anachotsa dzanja pa nyali, ndipo tonse tinadikira.